Mpweya Umene Unazinga Mtima wa Che Uladi

Nkhudzi, 22 Epulo 2024

Mng'ono wanga Shafi,

Asalamu alaikumu. Ndine mkulu wako Uladi, yemwe uja nsomba zimamupatsa moni zikamuona. Kuno tili bwino. Alamu ako Ajira ali bwino, mwana wathu Awa wakula moti akandiyang'ana ndimayamba ndakonza kolala. Kaya iwe ku Joni, ku Debeniko, ukadali woonda ngati nkhafi?

Usadabwe kuti ndakulembera pa pepala ngati kale. Foni yanga inagwera m'nyanja mwezi wa Ramadani. Ndinaitsatira, ndinakaipeza itakhala pamwala ikuyaka, koma potuluka nayo inali itatsikira kale kuli chete. Ya alamu ako ndi kaja kamabatani, ndipo ndikamalankhulirapo iwo amaima pambali kumawongola nkhani zanga. Munthu sungacheze bwino pali wapolisi. Ndiye Che Swadick, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Mangochi ndi Joni, anena kuti pepala silimawalemera.

Nyanja yadzaza chaka chino. Madzi afika pa mtengo wa mango uja unagwamo uli mwana. Miyala ndi zitsa zimene zinali kumtunda tsopano zili pansi, ndiye matchera akungokodwa. Ukonde ukakodwa, dzina limene limamveka ndi limodzi basi kuchokera kuno mpaka ku Malindi. Njira yake ndi yomwe ija atate anatiphunzitsa iwe ukulira pa mchenga: kukoka mpweya kamodzi, kutseka pakamwa, kutsika, kumasula, kukwera. Pakamwa osatsegula mpaka dzuwa likuwombe pamphumi. Anyamata a masiku ano akangofika madzi a m'khosi ayamba kale kuitana amayi awo.

Tsono ndakwezedwa udindo. Ukumukumbuka Blackson wa ku Monkey Bay, amene amagwira mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tija azungu amaweta m'magalasi? Iyeyu ali ndi kompulesa m'boti mwake. Injini imapopa mpweya, iwe waluma payipi, n'kumayenda pansi pa nyanja ngati uli pamsika wa ku Mpondasi. Masiku ano ndili m'gulu lake. Pansi paja munthu umakhala mpaka ndevu kumera. Blackson mwini wake akuti popanda ine ntchito yake siingayende, ndipo apa sindikuwonjezera.

Mwera wayandikira. Ngati kumeneko kuli jekete limene likukulira mapewa, ndipo onse amakukulira, ulipatse Che Swadick. Undiuzenso ngati wapeza mkazi, kapena akazi a kumeneko nawonso ali ndi maso.

Ndine mkulu wako,
Uladi


Debeni, 12 Meyi 2024

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Kalata yanu ndalandira, jekete ndatumiza. Mupereke moni kwa alamu ndi Awa.

Khalani pansi muwerenge bwino, iyi si nthabwala. Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito kudoko kwa bwana Sameer, kutsuka maboti a anthu olemera. Ine ndimatsuka pamwamba. Pali ena amene amalowa pansi ndi payipi ya mpweya kukapala nkhono ndi ndere kumimba kwa boti. Amenewo ndiwo amalandira bwino. Mmodzi wa iwo akusiya ntchito, ndipo bwana akufuna munthu.

Ndinawamasulira kalata yanu m'Chingerezi. Za ndevu ndinadumpha. Anandifunsa ngati mumaidziwadi kompulesa, ndinati inde. Anandifunsanso ngati ndingaike dzina langa pa inu, ndinati ndi mkulu wanga bere limodzi, ndinakula ndikumuona akulowa pamene anthu ena amaopa. Anati ngati zili choncho malowo akusungirani mpaka Sepitembala, ndipo za mapepala athandiza okha.

Achimwene, zaka zonse ndakhala kuno sindinapemphepo kanthu kwa bwana ameneyu. Ichi ndi choyamba. Pali anthu akwathu ambiri amene akugona asanu chipinda chimodzi kudikira mwayi wotere. Awa akufuna sukulu yabwino, nyumba yanu ikufuna malata. Ndalankhula kale ndi Che Swadick, mpando wanu ndalipira pa ulendo woyamba wa mu Sepitembala.

Pasipoti ija munatenga chaka chimene munkalengeza kuti mukupita ku Makka, ikadali ndi moyo? Mundiyankhe msanga.

Mng'ono wanu,
Shafi


Nkhudzi, 29 Meyi 2024

Shafi,

Asalamu alaikumu. Jekete lafika. Manja ake amathera pa chigongono, koma ndikuvala, anthu akuyesa ndi fashoni ya ku Joni.

Kalata yako ndinaiwerenga pamaso pa anthu onse pa gombe, kenako ku mzikiti titatha mapemphero a Ijumaa, kenako kwa ogulitsa mandasi. Panopa ngakhale mbuzi za kuno zikudziwa kuti nyanja yamchere yatumiza uthenga woitana Uladi. Pasipoti ilipo, yoyera ngati tsiku limene inabadwa. Ukawauze bwana Sameer kuti agule maboti ena, chifukwa amene alipowo nditha sabata yoyamba.

Pali kanthu kakang'ono, kochepa ngati nsabwe. Ntchito yanga m'boti la Blackson kwenikweni ndi yoyang'anira injini ndi kugwira payipi kuti isapotane. Injini ija ndi nkhalamba, imafuna munthu woidziwa mtima, woinyengerera ikayamba kutsokomola. Kunena kwina, mbali ya payipi imene ndaizolowera ndi ya kumtunda. Koma payipi ndi imodzi, mng'ono wanga. Amene wadziwa mbali imodzi wadziwa theka, ndipo theka linalo ndi madzi, amene ndi kwathu.

Ndamuuza Blackson kuti andibwereke mbali ya pansi sabata zikubwerazi. Wavomera, koma wayamba kundilalikira ngati shehe. Akuti usatsike kwambiri. Akuti pokwera uzikwera pang'onopang'ono, osapitirira thovu lako lomwe. Akuti koposa zonse usatseke pakamwa pokwera, uzitulutsa mpweya njira yonse. Wabwereza mpaka makutu anga atentha. Ndamuuza kuti pamene iye ankavala thewera ine ndinali nditamasula kale maukonde a mudzi wonse, ndipo sindinaonepo munthu wanzeru akutsegula pakamwa pansi pa madzi.

Alamu ako sakukondwa kwenikweni. Akuti nyanja ya kumeneko ili ndi nsomba zodya anthu. Ndawauza kuti zimenezo n'zimene ziyenera kuda nkhawa.

Ndine mkulu wako, amene posachedwa azikulamula kudoko,
Uladi


Debeni, 7 Julayi 2024

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Che Swadick abwera maulendo awiri opanda kalata yanu. Ndawafunsa, akuti ku Nkhudzi sanafikeko, katundu amangotengera pa Boma. Foni ya alamu siikupezeka.

Za mbali ya kumtunda zija ndinaziwerenga ngati nthabwala zanu za masiku onse. Bwana sindinawauze. Dzulo kunabwera munthu wa ku Maputo wodziwa ntchitoyi, ali ndi mapepala ake onse, ndipo bwana anamubweza pamaso panga, amvekere malo ndi a mkulu wake wa Shafi.

Musandichititse manyazi. Lembani.

Shafi


Blantyre, 21 Julayi 2024

Shafi mng'ono wanga,

Asalamu alaikumu. Ona pamwambapo pamene ndalemba. Mkulu wako ali mu mzinda, pa bedi la chitsulo, akudyetsedwa ngati mkwati. Kalata yako yandipeza kuno, anabwera nayo Blackson. Usakwiye. Sindinalembe chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kutchuka.

Ndiyambe poyambira. Tsiku limene ndinaluma payipi ija kunali kowala, nyanja ili phee. Shafi, kupuma uli pansi pa madzi ndi chinthu chokoma. Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kumeneko ngati wakuba, kulowa n'kuthawa. Tsiku limenelo ndinalowa ngati mwini nyumba. Mbuna zinkabwera kudzandiyang'ana m'magalasi. Blackson anali atandiloza mwala woti ndisapitirire, koma mwalawo unali wa ana, ndiye ndinaupitirira, ndinapitiriranso unzake.

Tsono taganiza. Munthu amene amadziwa kunyengerera injini ija ndi ndani? Ndi ine. Ndipo ine ndinali kuti? Pansi. Inatsokomola, panalibe woisisita, inazima. Ndinali nditangokoka mpweya wodzadza chifuwa, pofuna kukokanso ndinapeza payipi yauma.

Ulaliki wonse wa Blackson unali m'mutu, sindinaiwale ngakhale liwu limodzi. Koma thupi silinafunse mutu. Linachita zimene lakhala likuchita chiyambire: linatseka pakamwa ndi kuponda madzi. Ndinakwera ngati chitsekerero cha botolo. Ndikanakhala pa mpikisano bwenzi nditapata njinga.

Nditatulukira, ndinamva ngati wina wandimenya ndi nkhafi pakati pa chifuwa. Ndinafuna kumuuza Blackson kuti injini yake ndi ya ziii, koma mawu amene anatuluka anali a kamwana ka mbuzi. Khosi linatupa, ukalidina linkalira tcheretchere ngati jumbo. Kuchokera pamenepo nkhani ndimangomva kwa anthu: galimoto ya nsomba mpaka pa Boma, chithunzi cha ekisire, adokotala kuitana anzawo, anzawowo kuitananso anzawo, kenako ambulansi mpaka kuno.

Adokotala a kuno ndi mayi wamfupi wosaseka. Anandifotokozera ndi jumbo m'manja. Akuti mpweya umene munthu amapuma pansi ndi wopanikizika. Ukamakwera umafufuma. Ukaupatsa khomo umatuluka mwaulemu, ukautsekera umaboola pake. Wangawu unang'amba phapo pa chipsera cha TB ija ndinadwala kale, wina unakwera kukhosi, wina unakalowa m'kathumba kamene mtima umakhalamo. Iwe unkadziwa kuti mtima uli ndi thumba lake? Ine ndinkayesa umangolendewera ngati papaya. Mpweya uja unadzadza kathumbako n'kuyamba kuufinya mtima, moti unkasowa pogundira. Anandiboola pansi pa fupa la pachifuwa n'kulowetsa kapayipi. Shafi, mpweya umene unatuluka pamenepo unaulutsa kachipewa ka nesi, makatani a wodi yonse anagwedezeka, ndipo bambo wina wa bedi la kumapeto amene anali chikomokere anadzuka n'kufunsa ngati mwera wayamba.

Matenda amenewa ndi osowa kwambiri. Adokotala akuti chiyambire ntchito anangowawerenga m'buku. Ophunzira udokotala ankabwera pa mzere ngati pa chigayo, aliyense ndi kachipangizo kake m'makutu, kudzamvera mtima wanga. Akuti unkamveka ngati madzi akukhavuka m'bwato. Mmodzi anandithokoza pogwira dzanja. Anthu ena amadwala malungo ngati wina aliyense. Mkulu wako akati adwale, amadwala za m'buku.

Panopa kapayipi achotsa, ndatsala ndi bowo limene akulimata. Akuti nditha kutuluka sabata ya mawa. Koma mayi wosasekayu wandiuza mawu ena, ndipo wawanena pamaso pa alamu ako kuti ndisawakonze. Anati, "Bambo Uladi, phapo ili lang'ambika pamalo ofooka, ndipo malo otero mulinso ena. Pansi pa madzi musadzapitenso, kaya ndi payipi kaya popanda payipi." Ndinawafunsa ngati lamuloli likukhudzanso madzi amchere. Sanaseke.

Ndiye ukawauze bwana Sameer mwaulemu kuti katswiri wawo waphulika.

Unditumizire shuga wa kumeneko ngati alipo wotsekemera kuposa wa kuno. Tiyi wa m'chipatala amangomuonetsa supuni patali.

Ndine mkulu wako wa m'buku,
Uladi


Debeni, 9 Ogasiti 2024

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Ndawerenga. Ndinaseka pa kachipewa ka nesi, kenako ndinasiya kuseka.

Ndinu amene munamenya ng'ona khofi mpaka inapepesa. Ndinu amene bombe, chinsomba chija, anakukokani ndi bwato lomwe kuchoka ku Nkhudzi mpaka ku Malindi, n'kukubwezaninso chifukwa munaiwala chipewa. Zonsezo ndinkazimva ndi kuzikonda, chifukwa sizinkapweteka munthu. Koma mtima wokhala m'thumba la mpweya? Ndafunsa anthu akwathu onse kuno, ena anagwirapo ntchito m'chipatala, palibe anamvapo zotere.

Foni ya alamu inapezeka tsiku lina muli ku Blantyre komweko. Anandiuza kuti mwadwaladi. Sindikukana, mwina chifuwa chinakugwirani ndi kuzizira kwa mwera. Koma pamene ankalankhula, kumbuyo kwawo ndinkamva mawu anu, mukusimba za injini, wodi yonse ikufa ndi phwete. Munthu amene mtima wake unafinyidwa sachititsa msonkhano.

Ndikuganiza kuti nkhani ndi iyi: mwina alamu akukanizani, mwina mwaona kuti ulendo wayandikira ndipo nyanja ya kuno si ya ku Nkhudzi. Ngati mukuopa, nenani kuti mukuopa. Zimenezo ndingazimve. Koma musandipatse nthano yoti ndikaimirire nayo pamaso pa munthu amene amandidyetsa, amene anabweza munthu wa mapepala chifukwa cha mawu anga. Akangondiona wabodza kamodzi, kuno kwandithera, ndipo mukudziwa kuti ndi makomo angati kumudziko amene amadya kuchokera m'dzanja langa.

Bwana sindinawauze kanthu. Mpando wanu ulipo. Che Swadick adzafika pa Nkhudzi penipeni kudzakutengani.

Shafi


Nkhudzi, 20 Ogasiti 2024

Alamu,

Asalamu alaikumu. Ndine Ajira. Sindidziwa kulemba zokometsera ngati achimwene anu, ndiye mungowerenga mmene zilili. Pa foni paja munandidula, munati ndikuwaikira kumbuyo. Kalatayi ndapatsira mwana wa a neba amene akukwera basi ya ku Joni mawa.

Za kachipewa ka nesi ndi bodza. Manesi a kumeneko savala n'komwe zipewa. Za bambo wokomoka ndi bodzanso. Zina zonse ndi zoona, ndinaziona ndi maso anga. Milomo yawo inada, misempha ya m'khosi inatupa ngati zingwe, thukuta lili kamukamu koma thupi lozizira. Pamene ankawaboola ine ndinali panja pa chitseko ndikuchita duwa, kupempha Mulungu.

Mukuti munthu wodwala sachititsa msonkhano. Inu simunawaone m'ambulansi. Kuchoka pa Boma mpaka kudutsa Liwonde sanalankhule. Alamu, chikwatiwire sindinawaonepo bambo a Awa ali chete, ngakhale m'tulo amasimba nkhani. Titayandikira Zomba anandikoka mpango n'kunena motsitsa kuti, "Ajira, ukamuuze Shafi kuti sindinachite dala." Mawu awo anali okhawo njira yonse. Tsiku limene munawamva akuseketsa wodi, ine ndinali kuthokoza Mulungu kuti phokoso labwerera.

Tsono kalata yanu yafika. Anaiwerenga, anaseka, anati mwana uyu walemba ngati loya. Kenako analowa m'nyumba n'kutsitsa chikwama. Achapitsa zovala, pasipoti aiika m'thumba la jekete lija. Dzana ndinawapeza kuseri kwa bafa atatseka pakamwa ndi mphuno, akudziyesa, maso ali psuu. Ndinawakumbutsa mawu a adokotala. Anandiyankha kuti adokotala alibe mng'ono ku Debeni.

Ine ndalephera. Blackson walephera. Ashehe anabwera, anatuluka akuseka nthabwala zawo. Achimwene anu akuti sangalole kuti inu muoneke wabodza chifukwa cha iwo. Akafika kumeneko adzaluma payipi imeneyo, mukuwadziwa. Amene angawasiyitse chikwamachi ndi inu nokha. Sindikupempha malata kapena sukulu. Ndikupempha muwauze kuti asabwere.

Mlamu wanu,
Ajira


Nkhudzi, 3 Sepitembala 2024

Shafi,

Asalamu alaikumu. Che Swadick aima panja, injini ikulira, ndiye ndilemba mothamanga. Ndamva kuti alamu ako anakulembera mondizembera. Kaya inakupeza kaya mwana uja anakulungira chiponde, sitikudziwa, yankho lako silinafike. Zilibe kanthu. Nkhaniyi yatha yokha dzulo m'mawa.

Ndinali wokonzeka, usakayike. Chikwama chomanga, ndevu zometa, anthu onse nditawatsanzika, ena kawiri. Ndili pakhonde ndikupukuta nsapato, kunabwera Che Ayub, aja a matchera ambiri. Ukonde wawo watsopano unali utakodwa pa miyala ya kuseri kwa phiri. Anafika mpaka pakhomo mwachizolowezi, kenako anakumbukira, anayamba kupepesa n'kumabwerera. Ndinawaitana. Ndinati m'mtima, mawa ndikupita kukalowa m'nyanja ya eni, bwanji ndiyambe ndalawa yanga. Alamu ako anali kumunda.

Tinapalasa anthu anayi. Titafika ndinavula malaya. Onse anayang'ana chipsera chija pansi pa chifuwa, kenako anayang'ana kumbali ngati aona mkazi akusamba. Ndinagwira chingwe, ndinachikoka, ndinadziwa kale mmene wakodwera ndi mwala wake. Si pakuya n'komwe. Kale ndikanapita ndi kubwera fodya wa Che Ayub asanazime. Ndinakhala m'mphepete mwa boti, miyendo m'madzi, ndinakoka mpweya, ndinatseka pakamwa.

Vuto ndi ophunzira udokotala aja. Asanabwere iwo, ine sindinkadziwa kuti mtima ndi chinthu chomvera. Unkangogwira ntchito yake ngati wantchito wabwino, osadziwika. Tsopano ndikangotseka pakamwa ndimaumva. Dzulo unkagunda bwinobwino, du, du, du, wopanda madzi okhavuka, wopanda chilichonse. Ndinakhala pamenepo ndikuumvera. Ndinatulutsa mpweya, ndinakokanso wina, ndinamveranso. Miyendo inayamba kuzizira.

Che Ayub anati, "Che Uladi, dzuwa likukwera."

Ndinati, "Dulani."

Sanamve bwino, kapena anachita ngati sanamve. Ndinabwereza. Anatulutsa mpeni. Shafi, chiyambire kumera ndevu palibe ukonde umene unadulidwapo ine ndili m'boti. Unalira ngati nsalu ikung'ambika, theka linatsala pansi. Pobwerera ndinapalasa nawo mwamphamvu kuti ndioneke kuti ndabwerera china.

Njira yonse ndinkakonza nkhani. Ndinali nditapeza kale ng'ona, yaikulu ngati boti la asilikali, ya diso limodzi, itagona pa ukonde penipeni. Inali nkhani yabwino, ikanakukomera. Titakocheza, amayi ogula nsomba anatizungulira kufunsa kuti zatheka bwanji kuti ukonde ubwere woduka Che Uladi ali pomwepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ng'ona ija ituluke. Inakana. Ndinangoti ndinaopa. Mayi wina anaseka poyesa ndi nthabwala yatsopano, anadikira mapeto ake, koma inalibe mapeto.

Unati ngati ndikuopa ndinene. Ndikuopa, mng'ono wanga. Sindibwera.

Ndikudziwa chimene ndakusenzetsa. Ukapite kwa bwana Sameer, usakayambe ndi za mtima, akakuyesa wamisala. Ukawauze kuti iwe unanena zimene unauzidwa, ndipo wokuuzayo ndi munthu amene Mangochi yense amamudziwa kuti akati mbuzi, uyambe wafunsa ngati si nkhuku. Akafuna mboni, ndidzaza lole. Munthu wa ku Maputo uja umufunefune, mwina akadali pafupi. Ukakwiya ukwiye ndithu, uli ndi chifukwa, ndipo ndidzakhala ndilipo kuti undikwiyire pamaso.

Blackson wandibwezera pa injini yanga. Akuti chichokereni ine yakhala ikuzima ngati nyali ya koloboyi. Chithunzi cha ekisire ndachipachika pawindo, dzuwa likawomba mtima umaoneka bwino ndi mzere wake wa mpweya kuzungulira, ndipo anthu akumachokera kutali kudzaona. Alamu ako akuti ndichichotse, chikuopseza nkhuku.

Mpando unalipira uja sindinalole kuti upite wopanda kanthu. Ndakhazikapo thumba la kampango wowamba, ndalimanga lamba, Che Swadick alonjeza kuti pa boda alilankhulira. Theka ndi lako, theka ukapereke kwa bwana. Akakufunsa kuti katswiri uja ali kuti, uwamasulire thumbalo. Onse ali mmenemo ankatsika pansi kuposa ine, ndipo aone okha mmene athera.

Ndine mkulu wako wa kumtunda,
Uladi